Uta Wobiriwira wa Raston Mzomera

Ku Ngala munthu wogwidwa ataba ukonde sankafika kupolisi ali wathunthu. Zaka zimene matipate anali atangoyamba, alovi, anyamata okoka maukonde a eni mabwato, ankati ufulu wabwera ndipo boma tsopano ndi iwo. Mlandu unkathera pamchenga pomwepo. Dzanja la wakubayo ankaligoneka pamutu pa bwato, wina n'kukweza nkhafi. Suwilanji anaziona tsiku lina akuchokera kotunga madzi, alovi atagwira munthu wa ku Dwambazi. Sanaime, koma kulira kwa nkhafi pa fupa kunamutsata mpaka kunyumba. Atafika anapeza mwamuna wake, Raston Mzomera, ali pakhonde akupukuta nsambo za chelo chake. Anatula ndowa, n'kuyang'ana zala za mwamunayo nthawi yaitali.

Chelo ndi vayolini yaikulu, yofika pachifuwa cha munthu wamkulu. Woimba amakhala pampando, n'kuchiimika pansi pakati pa mawondo. Dzanja lamanzere limadinda nsambo kukhosi kwake, lamanja limayendetsa uta. Ku Ngala palibe amene ankachitchula dzina limeneli. Ankangoti Mvuu ya a Mzomera, chifukwa cha mimba yake ndi kalilidwe kake.

Raston anabadwira ku Ngala komweko, kwa makolo amene anatsika kumpoto potsata usipa. Nyanja sanaikonde. Ankasanza akangokwera bwato, motero bambo ake anamutumiza ku Boma kuti akaphunzire ukalipentala. Kumeneko, m'zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wina wachizungu wa pasukulu ya mishoni anabweretsa chelo chimene chinang'aluka kumsana ndi kutentha kwa Okutobala. Raston anachimata ndi guluu, n'kuchimanga ndi mphira za chubu cha njinga mpaka chitauma. Asanachibweze anafuna kumva ngati mng'alu watsekeka, ndiye anakoka uta kamodzi. Mawu amene anatuluka anamulowa m'mimba. Mwini wake atabwera anamupeza akadali pomwepo, matabwa a ntchito ali pansi osapalidwa. Mzunguyo anayamba kumuphunzitsa akaweruka, ndipo pobwerera kwawo anamusiyira chelocho, ati thabwa lake lakalamba, silingapirirenso ulendo.

Suwilanji anakwatiwa ndi munthu ndi Mvuu yake yomwe. Poyamba ankayesa kuti ntchito ya chinthucho ndi kuimba basi. Koma nsambo zinaduka imodziimodzi, ndipo m'sitolo za ku Nkhotakota munalibe zina. Raston anapeza kuti waya wa mabuleki a njinga umalira bwino ukasalazidwa, ndipo wosalaza anali Suwilanji, ndi mchenga ndi phulusa, mpaka zala kutuluka matuza. Uta unkafuna utomoni kuti ugwire nsambo, ndipo wokaufuna kumapiri, popita kunkhuni, anali iye. Mvuu sinkakwera njinga chifukwa mabampu ankamasula guluu. Kukakhala ukwati kapena mwambo wa kutchalitchi, Suwilanji ankaikulunga m'bulangete, n'kuisenza pankhata, mwana wawo Lyness ali kumsana, mwamuna akutsogola ndi uta ndi kampando. Anthu ankaombera m'manja Raston. Iye ankakhala kumbuyo atapinda bulangete pamiyendo, kudikira ulendo wobwerera.

Raston ankapeka nyimbo zopanda mawu. Ina anaitcha Nkhungu, poyerekeza tizilombo timene timatuluka m'nyanja ngati utsi, ina Matope a Dwambazi, ina sanaipatse dzina chifukwa anaipeka mwana wawo wachiwiri atamwalira. Nthawi ya chipani chimodzi ankamuitana kumisonkhano, ndipo wapampando wina wa m'deralo anamulamula kuti aikemo mawu otamanda. Raston anayankha mwaulemu kuti Mvuu siyankhula. Anamuwomba mbama pamaso pa anthu, mlomo n'kung'ambika, kenako anamuuza kuti apitirize kuimba. Anaimba magazi akudontha pamalaya. Malayawo anachapa ndi Suwilanji.

Chovuta kuposa zonse chinali ubweya wa uta. Umene mzungu uja anasiya unali wa kumchira wa hatchi, ndipo unatha kalekale. Khonje linkaduka nyimbo isanathe. Chimene chinagwira ntchito chinali twaini wosokera maukonde. Suwilanji ankamumasula, kupatula timaulusi take tosaoneka bwino ndi maso, kutipesa, kutiwiritsa kuti tiwongoke, n'kutimanga pa uta mofanana. Twainiyo sankagula. Ankamupeza kudzera mu ntchito ina imene anthu a ku Ngala sankaidziwa.

Pagombe pali mwambo wakuti mkazi sakhudza ukonde, saupondanso kapena kuulumpha. Akatero, ati nsomba zimauthawa, ndipo alovi sangakwere nawo bwato. Koma bambo ake a Suwilanji, amene anali katswiri wosoka maukonde, anachedwa kubereka mwana wamwamuna. Maso atayamba kuwavuta, anaphunzitsa mwana wamkaziyu m'nyumba, chitseko chili chotseka. Suwilanji anali wamanzere. Mayi ake anamumenya kufikira ataphunzira kudya ndi dzanja lamanja, koma singano ya ukonde inakhalabe kumanzere, ndipo mfundo zake zinkagona mopendekera kwina, mosiyana ndi za anthu ena.

Chinsinsichi ankachidziwa mkulu wake Esitere, ndipo Esitere anauza mwamuna wake Tedson, mwini mabwato ndi maukonde ambiri pa Ngala. Kuyambira pamenepo Esitere ankabwera ndi thumba pamutu, pamwamba chinangwa, pansi ukonde wong'ambika. Suwilanji ankasoka kuseri kwa mpanda wa bango, pakati pa kusinja ndi kuphika. Malipiro panalibe. Tedson ankati pachibale salipirana. Akakumbukira ankatumiza kambale ka usipa, ndipo zotsala za twaini zinkakhala za wosoka. Alovi akafunsa kuti zigamba zabwino chotere amaika ndani, Tedson ankati ali ndi mkulu wina wamanzere ku Dwambazi amene sakonda kuonekera.

Chisankho cha 1994 chitadutsa, zinthu zinayamba kumuyendera Raston. Misonkhano yokakamiza inatha. Pagombe panatsegulidwa malo ogona alendo, ndipo mwini loji ina ankamuitana Loweruka kuti aziimbira azungu akamadya. Kumeneko anamumva munthu wina wa kuwailesi, n'kumuuza kuti mvula ikatha apite ku Blantyre akajambule nyimbo zake pa kaseti. Raston anali atapitirira zaka makumi anayi. Anayamba kudzuka m'mamawa kukonza nyimbo zakezo, matabwa a anthu akudikira.

Nthawi yomweyo Tedson anagula twaini watsopano kwa amalonda ochokera kutsidya la nyanja. Anali wobiriwira, wosalala, ndipo pa Ngala ponse panalibe wina amene anali naye. Maukonde ake otchera anawasoka ndi ameneyu kuti azidziwika. Suwilanji atamasula zotsala zake anapeza timaulusi tofewa kuposa tonse timene anagwirapo. Anamanga uta watsopano, n'kuupereka kwa mwamuna wake.

"Wobiriwira?" anatero Raston akuuzunguza padzuwa. "Anthu aziti ndalowa chipani china."

"Ayankheni kuti Mvuu sivota. Tauyesani kaye."

Anauyesa. Anaimba Nkhungu yonse osaima, ndipo atamaliza anati uta umenewu ndi umene upite ku Blantyre. Loweruka lotsatira anaimba nawo ku loji. Kalilu, mkulu wa alovi a Tedson, anali kukhomo la khitchini akugulitsa chambo, ndipo anauona.

Sipanapite nthawi, maukonde a Tedson anabedwa m'nyanja. Alovi anapita m'mawa kukavuula, n'kupeza zingwe zodulidwa ndi mpeni zikuyandama. Kwa alovi ukonde ukabedwa ndiye kuti kunyumba kulibe chakudya, chifukwa iwo amagawana nsomba, salandira za pamwezi. Anabwerera kumtunda opanda kanthu, ena n'kuyamba kachasu dzuwa lisanakwere. Apo m'pamene Kalilu anakumbukira zimene anaona ku loji.

Anafika kwa Raston dzuwa lili pamutu. Suwilanji anali kuseri akuyanika chinangwa, ndipo anamva Mvuu italeka kulira pakati pa nyimbo.

"Odi, akatswiri," anatero Kalilu. "Tabwera kudzamvera nyimbo."

"Fikani. Koma mipando ndilibe yokwanira nonsenu."

"Tiima, musavutike. Tationetsani utawo."

Suwilanji anasuzumira pampata wa bango. Pabwalo panali podzaza amuna, ena atanyamula nkhafi. Kalilu anatenga uta, n'kuukweza kuti onse aone.

"Amati uta wa azungu amamanga ndi mchira wa hatchi. A Mzomera, hatchi ya kuti ili ndi mchira wobiriwira?"

Ena anaseka. Raston anayang'ana kumpanda kamodzi, n'kubweza maso msanga. Suwilanji anadziwa zimene mwamuna wake ankayeza mumtima. Akananena zoona, anthu omwewa akanatembenukira mkazi amene wakhala akugwira maukonde awo.

"Ndinatola pagombe," anatero Raston.

"Pagombe pathu? Twaini ameneyu a Tedson amatsekera m'bokosi. Ngakhale ife satipatsa. Maukondewo mwagulitsa kuti?"

"Ine bwato sindikwera, mukudziwa nonse. Ndimasanza."

"Musanza bwino lero."

Wina anamukoka kolala, mpando n'kugwa. Mvuu inagwera chammbali pakhonde, n'kulira yokha. Anamumenya chibakera pakamwa, wina nkhafi m'nthiti, ndipo anamukhwekhwereza kutuluka pabwalo miyendo ikukokeka m'fumbi. Suwilanji anatuluka akukuwa kuti twainiyo anamanga ndi iye, koma mawu ake anamira m'phokoso. Mnyamata wina anamukankha pachifuwa, n'kugwera pa lichero la chinangwa. Anadzuka, n'kuwathamangira.

Pagombe anthu anali atasonkhana kale. Azimayi anaima kumatandala oyanikapo usipa, ndipo pakati pawo panali Esitere. Chapafupi, chilimira cha Tedson, ukonde waukulu wa usipa umene akuba sanaupeze, chinali choyalidwa pamchenga kuti chiume. Tedson mwini anaima pamthunzi, manja kumbuyo. Suwilanji anapita molunjika kwa iye, n'kugwada.

"Alamu, auzeni."

"Ndiwauze chiyani, mlamu?"

"Auzeni amene amasoka maukonde anu. Auzeni kumene zotsala zimapita."

Alovi amene anali pafupi anatembenuka. Tedson anawayang'ana, n'kuyang'ana chilimira chake, n'kuyang'ana mabwato ake ali mndandanda pamchenga. Kenako anayankhula mokweza kuti onse amve.

"Ukonde wanga sunakhudzidwepo ndi mkazi. Mayi awa mantha awasokoneza mutu. Achotseni apa."

"Achemwali," anaitana Suwilanji, "inu ndi amene mumasenza thumba lija. Nenani."

Esitere anaweramira pa thandala, n'kuyamba kutembenuza usipa umene unali utauma kale.

Raston anali atamugwadiza pafupi ndi bwato. Diso limodzi linali litatsekeka, mano akutsogolo ali ofiira. Awiri anamugwira mapewa. Kalilu analavulira m'manja, n'kunyamula nkhafi.

"Ife si ankhanza, a Mzomera. Ndinu munthu wodziwika, ndiponso mlamu wa abwana. Dzanja lamanja tikusiyirani, muzidyera. Bweretsani lamanzerelo."

"Tengani lamanja," anatero Raston. "Chonde, anyamata, tengani lamanja."

Gulu lonse linaseka. Sanamvepo wakuba akupempha chotere. Kwa iwo dzanja lamanzere linali losafunika, logwirira mbale pamene linalo likudya. Sankadziwa kuti nyimbo zonse za Raston zinali m'zala zimenezo.

"Mwaona? Kachasu sitinamupatse, koma waledzera," anatero wina. Anatambasula dzanja lamanzere pamutu pa bwato, wina n'kuponda mkono. Nkhafi inatsika. Raston sanakuwe koyamba, anangotulutsa mpweya ngati munthu womira. Inatsikanso, ndipo apo anakuwa.

Suwilanji sanapite kubwatoko, chifukwa anadziwa kuti sangadutse amuna onsewo. Anathamangira kuchilimira. Anachiponda ndi mapazi onse awiri, n'kuyenda pamwamba pake mpaka pakati, n'kukhala pansi. Mayi wina kumatandala anagwira pakamwa. Pambali panali singano ya ukonde imene mlovi wina anasiya, twaini ali momwemo. Suwilanji anaitola, anagwira pamene panali pobooka, n'kuyamba kusoka.

"Mkazi pa ukonde!" anakuwa wina.

Onse anasiya Raston. Anabwera akuthamanga, koma atafika m'mphepete mwa chilimira anaima kaye, ngati pali moto. Kalilu ndiye analowa. Anamumenya nkhafi kumsana, Suwilanji n'kugwa chafufumimba, koma singano sanaitaye. Anadzuka n'kumanga mfundo ina. Anamumenyanso paphewa, wina anamukoka tsitsi, duku n'kugwa. Pamene ankamukhwekhwereza, ukonde unabwera naye chifukwa anali ataukulunga kudzanja. Kalilu anawerama kuti aumasule, ndipo maso ake anagwera pa mfundo zatsopanozo. Pambali pake penipeni panali chigamba chakale, cha mkulu uja wa ku Dwambazi. Mfundo zake zinagona mofanana.

Kalilu anausiya ukondewo. Anayenda m'mbali mwake akutukula chigamba ichi ndi icho. Anzake anayamba kuchita chimodzimodzi. Phokoso linatsika mpaka kumveka kubuula kwa Raston kubwato kuja.

"Abwana," anatero Kalilu osakweza mawu, "mkulu wanu wa ku Dwambazi ndi ameneyu?"

Tedson anayamba kubwerera m'mbuyo.

"Zaka zonsezi tikukoka ukonde wogwiridwa ndi mkazi? Chaka chatha usipa unatithawa mwezi wathunthu, inu n'kumati tili ndi tsoka ndife. Mumatidyetsa zimenezi?"

Anamugwira asanafike pa njinga yake. Anamumenya ndi nkhafi zomwezo, kumugwetsa, kumuponda, mpaka amuna ena akuluakulu a pagombe analowererapo. Anatuluka ndi nthiti zothyoka ndi khutu long'ambika. Sanamumenyere dzanja la Raston. Za dzanjalo palibe amene anazitchula. Anamumenyera ukonde. Pamene zimenezi zinkachitika, Suwilanji anakwawa mpaka kubwato, anang'amba chitenje chake, n'kukulunga chimene chinatsala cha dzanja la mwamuna wake. Munthu mmodzi yekha anabwera kudzamuthandiza kumunyamula kupita kumsewu. Anali Esitere.

Kuchipatala cha ku Boma anadula zala zitatu. Chinatsala chala chachikulu ndi chaching'ono, chimenenso chinauma chopindika. Mlandu sunapite patali, chifukwa pa anthu onse amene anali pagombe palibe anavomera kuti anaona amene anagwira nkhafi. Maukonde obedwa aja sanapezeke. Alovi a Tedson anamuchokera onse, ndipo chilimira chija anachigulitsa kutali, kwa anthu osadziwa mbiri yake. Azimayi ena anasiya kumupatsa moni Suwilanji pachitsime, ati anachititsa manyazi akazi onse.

Ukalipentala unathera pomwepo. Mvula inatha, nthawi yopita ku Blantyre inadutsa. Suwilanji anakulitsa munda wa chinangwa, n'kuyamba kukazinga zitumbuwa zogulitsa kumsewu. Phewa limene anamenyedwa linkamupweteka akasenza ndowa, koma madzi sadzitunga okha. Ankamusambitsa mwamuna wake, kumumangira mabatani, kumudulira nzimbe. Mvuu inagona pakona m'bulangete lake. Raston ankakhala pakhonde akung'ung'udza nyimbo zimene Suwilanji sanazimvepo, chala chaching'ono chija chikugwedezeka chokha pabondo.

Tsiku lina Suwilanji akusenda chinangwa anamva Mvuu ikulira. Raston anali ataitulutsa, atamanganso uta ndi khonje mothandizidwa ndi mano. Popanda zala zodinda, nsambo iliyonse inkangotulutsa liwu limodzi. Ankakoka iyi, kukoka iyo, kubwerera, ngati ng'ombe yomangidwa. Anachita zimenezi masiku ambiri. Suwilanji anapirira, mpaka tsiku lina anaponya mpeni m'dengu n'kupita pakhonde.

"Bambo a Lyness, ngati ndi Nkhungu mukufunayo, apo imakwera."

"Ndikudziwa kuti imakwera. Ndinapeka ndine."

"Ndiye ikwereni."

"Ndi chiyani? Ndi mphuno?"

Suwilanji anapukuta dzanja lamanzere pachitenje, anaima kumbuyo kwa phewa la mwamuna wake, n'kudinda nsambo pamene kwa zaka zambiri ankaona chala chikudinda. Liwu linatuluka lokhota. Raston anakwinya nkhope.

"Tsikirako pang'ono. Ayi, wapitirira. Bwerera. Pamenepo."

Sizinayende msanga. Zala zake zinali zolimba kale ndi twaini, motero waya sunamucheke, koma zinazolowera kumanga mfundo, osati kuthamanga pa khosi la chelo. Raston anali mphunzitsi waukali. Ankaiwala kuti wophunzirayo wachokera kumunda ndipo akuyenera kukaphika. Ankakangana, Suwilanji n'kuchoka, Mvuu n'kukhala masiku osalira. Kenako ankabwerera. Anapeza kakhalidwe kake: Raston pampando, Mvuu pakati pa mawondo, Suwilanji pa kampando kakatali kumanzere chakumbuyo, mkono utadutsa paphewa la mwamuna wake. Chovuta chinali kupumira pamodzi. Uta ukatembenuka chala chisanafike, nyimbo inkathyoka. Suwilanji anaphunzira kumva paphewapo pamene mkono wamanja ukufuna kubwerera, ndipo m'kupita kwa nthawi Raston anasiya kuwerenga mokweza.

Nyimbo yoyamba imene Raston anapeka pambuyo pa zonsezi anaitcha Nkhafi. Imayamba ndi uta kumenya nsambo kawiri, mwamphamvu, kenako liwu limodzi lalitali lotsika. Suwilanji sanaikonde. Ankati ikamayamba msana wake umadzidzimuka. Koma anaiphunzira, ndipo atabwerera ku loji patapita zaka ziwiri, anaiimba. Azungu anaombera m'manja. Ogwira ntchito kukhitchini, amene ankadziwa nkhani yake, sanaombe.

Munthu wa kuwailesi uja anawapezanso, ndipo ulendo wa ku Blantyre unachitika. Mvuu inakwera basi koyamba, itagona pamiyendo ya anthu awiri. Kaseti itatuluka, pachikuto panalembedwa kuti Raston Mzomera ndi Chelo Chake. Chithunzi anachidula kuti chikwane, motero chikuonetsa Raston, uta, ndi dzanja lamanzere lovala chibangili likudinda nsambo, lopanda mwini. Raston anakwiya, anati alembera kalata akonze. Suwilanji anayang'ana chithunzicho kanthawi, n'kunena kuti akanadziwa akanawenga zikhadabo. Kalatayo sinalembedwe. Uta umene uli pachithunzipo ndi woyera. Twaini wake Suwilanji anachita kugula kusitolo, ndi ndalama za zitumbuwa, ndipo anamumasula pakhonde, poyera, aliyense wodutsa akuona.

Raston anapitiriza kupeka. Matchalitchi ankawaitana, maukwati, nthawi zina sukulu. Ponyamuka zinthu zinali monga kale: Mvuu pamutu pa Suwilanji, Raston patsogolo ndi uta. Chinasintha n'chakuti mipando yonyamula inakhala iwiri, ndipo akafika Suwilanji sankakhalanso kumbuyo ndi bulangete.

Tedson anachira, n'kupeza alovi atsopano ochokera kutali. M'mawa wina Suwilanji akuyeseza zala pakhonde, anaona Esitere akulowa pabwalo ndi thumba pamutu. Chiyambire tsiku lija ankakumana pamaliro pokha. Esitere anatula thumbalo, n'kukhala pamphasa. Anafunsana za ana, za mvula, za phewa. Pamwamba pa thumba pankaoneka chinangwa.

"Alamu ako akuti anyamata atsopanowa sadziwa kusoka," anatero Esitere potsiriza, maso ali pansi. "Akuti ulendo uno adzalipira."

Suwilanji anamasula thumbalo. Anachotsa chinangwa chonse, n'kuchiika m'dengu lake. Ukonde sanaukhudze. Anamanganso kukamwa kwa thumba, n'kulikankhira kwa mkulu wake.

"Chinangwachi ndalandira, achemwali, zikomo. Akafuna ndisoke, abweretse okha masana, auyale pagombe, aitane alovi awo. Ndidzasoka onse akuona."

"Ukudziwa kuti sangatero."

"Ndikudziwa."

Anamuthandiza kusenza thumbalo, n'kumuperekeza mpaka pampata. Atabwerera anapeza Raston atakhala kale pampando, Mvuu ili pakati pa mawondo, akupaka utomoni pa uta. Suwilanji anakoka kampando kake, anapukuta dzanja pachitenje, n'kuika mkono paphewa lake.